Wailesi ya pa Zambezi: kodi omvera angaidyetse okha?

Pa mtsinje wa Blackwater, m'dera la Essex ku England, pali sitima yakale yophera nsomba imene inaleka kalekale kupita kunyanja. Dzina lake ndi Ross Revenge. M'kati mwake muli chipinda choulutsiramo mawu cha Radio Caroline, wailesi imene inayamba mu 1964 ndipo ikumvekabe mpaka lero. Boma siliipatsa ndalama, ndipo aulutsi ake ambiri ndi ongodzipereka. Chimene chaisunga kwa zaka zoposa 30 tsopano makamaka ndi matumba a anthu amene amaimvera. Ena amapereka mwezi ndi mwezi, ena amagula malaya olembedwa dzina la wailesiyo, ena amalipira bwato kuti akaione sitimayo ndi maso awo.

Munthu wa ku Livingstone akamva nkhani yotereyi sachedwa kuponya maso ku Zambezi. Mtsinje ulipo. Mabwato akuluakulu onyamula alendo okaona dzuwa likulowa amayenda pamenepo madzulo aliwonse. Mawailesi nawonso si achilendo m'tauniyi, poti kuli Radio Musi-O-Tunya ya Dayosizi ya Katolika ya Livingstone, kuli Zambezi FM ya malonda, ndipo ZNBC imamveka kuchokera ku Lusaka. Nanga chingalepheretse n'chiyani kuti pakhale kawailesi kakang'ono, kopanda bwana wolemera, koyandama pamadzi, kodyetsedwa ndi amayi a mumsika wa Maramba ndi anyamata oyendetsa matakisi? M'funso limeneli muli mafunso awiri. La bwato ndi lopepuka. La ndalama za omvera ndilo lolemera, ndipo ndi pamene anthu anzeru amasiyana maganizo.

Radio Caroline sinapite panyanja chifukwa chokonda madzi. Mu 1964 dziko la Britain silinkalola wailesi ya malonda. BBC inali yokha, ndipo nyimbo za achinyamata inkaziika kwa maola owerengeka. Ronan O'Rahilly, mnyamata wa ku Ireland, anaona kuti mphamvu za boma zinkathera pa mamailosi atatu kuchokera kugombe. Anapeza sitima yakale ya ku Denmark, anaiimika kuseri kwa malirewo, ndipo pa Pasaka wa chaka chimenecho anayamba kuulutsa mawu. Ndalama panthawiyo zinkachokera kwa otsatsa malonda, osati kwa omvera. Mu Ogasiti 1967 boma linakhazikitsa lamulo loti nzika ya Britain yogwira ntchito pa wailesi zoterezi, yotsatsapo malonda kapena yozipititsira chakudya ndi mafuta izizengedwa mlandu. Mu Malichi 1968 sitima ziwiri za Caroline zinakokedwa kupita ku Amsterdam chifukwa cha ngongole. Ina mwa izo, Mi Amigo, inabwereranso panyanja, koma inamira ndi namondwe mu Malichi 1980. Ross Revenge inayamba ntchito mu 1983. Mlongoti wake wa mamita pafupifupi 90 unagwa mu 1987, ndipo mu Novembala 1991 sitimayo inatitimira pa mchenga wa Goodwin Sands. Apa m'pamene omvera anasonkha ndalama zoiwombolera. Chiphaso chokhazikika choulutsira mawu pa 648 kHz wailesiyi inachipeza mu 2017, ndipo masiku ano mapulogalamu ake ambiri amapangidwa pamtunda. Pa sitima amaulutsirapo masiku owerengeka chabe pamwezi.

Pa Zambezi palibe madzi opanda mwini. Tsidya lino ndi Zambia, tsidya linalo ndi Zimbabwe, ndipo bwato lililonse lili m'manja mwa lamulo la dziko lina mwa awiriwa. Wailesi yoyandama ingafunebe chiphaso cha bungwe loyang'anira mawailesi la IBA ndi chilolezo cha bungwe la ZICTA chogwiritsa ntchito mafunde, chimodzimodzi ndi wailesi ya m'nyumba ya njerwa. Ufulu umene O'Rahilly anaupeza pamadzi kuno kulibe. Chinanso, mafunde a FM amafuna malo okwera, pamene mtsinje ndiwo malo otsikitsitsa m'dera lonse. Tauni ya Livingstone yenikuyo inamangidwa pa chitunda cha mchenga azungu atathawa malungo ku Old Drift, m'mphepete mwa mtsinje, cha m'ma 1905. Madzi amakwera mu Epulo ndi Meyi, n'kuphwa kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Kumunsi kuli mathithi, kumtunda kuli miyala. Ndipo chitsulo chokhala m'madzi chimadya ndalama tsiku ndi tsiku. Ku Monkey Bay, ku Malawi, kumene sitima ya Ilala imakocheza chiyambire 1951, wailesi ya Dzimwe itayamba mu 1998 inakhala pamtunda, ndipo palibe anaona chodabwitsa.

Okonda bwato ali ndi mfundo imodzi imene siyenera kukankhidwira kumbali. Anthu amapereka mosavuta pa chinthu chimene akuchiona, choti angachiloze ndi chala n'kunena kuti icho n'chathu. Omvera a Caroline salipirira nyimbo, poti nyimbozo angazipeze kwaulere pa intaneti. Amalipirira sitima, ndi zimene sitimayo imawakumbutsa. Amanenanso kuti m'mbali mwa mtsinje muli anthu amene mawu awo samveka kawirikawiri, monga asodzi a ku Mambova m'boma la Kazungula, amene chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale amaletsedwa kupha nsomba ndipo ali ndi zambiri zoti anene pa lamuloli. N'zoona. Koma kuti mtolankhani akawamve akufunika foni yojambula mawu ndi mpando m'bwato la msodzi, osati sitima yakeyake. Nkhani ya bwato ithere pamenepa.

Tsono tibwere pa ndalama. Amene akufuna kuti omvera azidyetsa wailesi amayambira pa funso losavuta: lero wailesi yaing'ono imadya za yani? Yankho lake ndi otsatsa malonda, ogula maola, mabungwe othandiza, ndi mpingo ngati ilipo ya mpingo. Aliyense mwa amenewa ali ndi chingwe chake.

Malonda aakulu a ku Livingstone ndi a alendo. Koma mahotela a m'mphepete mwa mtsinje ndi makampani owulutsa alendo pamwamba pa mathithi safuna makasitomala a ku Libuyu kapena ku Dambwa. Kasitomala wawo ali ku Frankfurt kapena ku Johannesburg, ndipo amamupeza pa intaneti. Otsatsa pa wailesi ya m'tauni ndi masitolo, masukulu olipira, makampani a mafoni ndi a mabasi, ndipo onsewa amapuma mpweya wa alendo omwewo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege, antchito a m'mahotela anabwerera kunyumba, malonda a m'tauni anazizira, ndipo wamalonda akafuna kuchepetsa zowononga amayambira pa kutsatsa. Nthawi imene anthu ankafunitsitsa uthenga wolondola wa zaumoyo ndi nthawi yomweyo imene ndalama zoulutsira uthengawo zinauma. Tauniyi inali italuza kale zina. Inasiya kukhala likulu la dziko mu 1935, ndipo boma la Michael Sata linasamutsira likulu la chigawo cha Kumwera ku Choma, maofesi ambiri n'kupita nawo.

Malonda akachepa, wailesi imagulitsa maola. Wandale amagula ola lake, n'kumafunsidwa mafunso amene iye mwini wavomereza. Sing'anga wolonjeza kubweza mwamuna wothawa amagula lake. Mneneri wouza odwala kuti achira amagula lake. Mkulu wa wailesi akhoza kudziwa mumtima kuti zina mwa zonenedwazo n'zabodza ndipo zikhoza kupweteka munthu, koma lendi ya mwezi uno ikumudikirira. Womvera kunyumba sasiyanitsa mawu a wailesi ndi mawu a wogula ola. Akamva pa wailesi, kwa iye yanena ndi wailesi.

Mabungwe akunja nawo amabwera ndi mitu yawo, n'kuchoka nyengo yawo ikatha. SW Radio Africa, imene Gerry Jackson anayambitsa mu 2001 kuti iziulutsa nkhani za Zimbabwe kuchokera ku London, inapirira boma la Zimbabwe likusokoneza mafunde ake, koma inatsekedwa mu 2014 thandizo la ndalama litatha. Mu 2025 boma la America linatseka mipopi ya USAID mwadzidzidzi, ndipo mabungwe ambiri a zaumoyo amene ankagula nthawi pa mawailesi a m'madera anatsala manja lende. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali imeneyi, m'kuona kwanga, ndi yakuti omvera akulipira kale, kungoti ndalama zawo sizitchedwa dzina loyenera. Munthu akamwalira, abale amapita ku wailesi kukalipira uthenga wa maliro kuti achibale a ku Kalomo ndi ku Sesheke amve. Wotaya chitupa, wosowa ng'ombe, wofuna kupereka moni kwa mnzake, onse amalipira. Woimba foni pa pulogalamu ya m'mawa amawotcha talk time yake kudikira kuti alowe, ndipo ndalamayo imapita ku kampani ya foni. Chikondi chimenechi si chatsopano. Mu 1949, Harry Franklin wa ku nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka atanyengerera kampani ya Ever Ready kuti ipange kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, anthu a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia anakagula pa mapaundi asanu, ndalama yolemera kwa wantchito wa nthawiyo. Makalata opempha nyimbo ankafika mulu, ndipo aulutsi monga Alick Nkhata anasanduka ngati abale m'nyumba za anthu amene sanawaonepo nkhope. Ku Chipata, omvera a Breeze FM ankalembera woulutsa mawu Gogo Breeze za madandaulo awo a malipiro, a minda ndi a m'banja monga mmene munthu amadandaulira agogo ake enieni. Anthu otere, amatero a mbali ino, sangakanike kupereka makwacha ochepa pamwezi, makamaka lero pamene Airtel Money ndi MTN MoMo zili pakona iliyonse.

Chitsanzo chilinso pafupi. Radio Maria, imene inayambira ku Italy ndipo ili ku Chipata komanso ku Mangochi, sidalira otsatsa malonda. Imadalira zopereka za omvera ndi ntchito ya odzipereka, ndipo chaka ndi chaka imachita masiku opempha thandizo otchedwa Mariathon. Ya ku Mangochi yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 1999. Ngati alimi a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Malawi akwanitsa, anthu a tauni ya alendo angalephere bwanji? Ndi anthu omwewa amene amamanga matchalitchi ndi zopereka za Lamulungu, amene amayendetsa chilimba mwezi ndi mwezi popanda loya.

Otsutsa samakana chikondi cha omvera. Amati chikondi ndi chimodzi, bilu ya magetsi ya ZESCO ndi china.

Amayambira pa Caroline yomweyo. Ambiri mwa amene amaithandiza ndi anthu amene anali achinyamata m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene lero ali ndi penshoni ya mapaundi ndipo ana awo anakula. Aulutsi ake ali ndi zowadyetsa kwina. Mayi wogulitsa tomato ku Maramba ali ndi ana asukulu, lendi, ndi thumba la ufa limene mtengo wake sukhazikika. Mnyamata woulutsa mawu kwaulere ku Livingstone alibe penshoni. Adzagwira chaka chimodzi kapena ziwiri, akadzadziwa ntchito adzapita ku Lusaka kumene kuli malipiro, ndipo wailesi idzayambiranso kuphunzitsa wina. Kapena adzakhala, n'kumalandira kaemvulopu kwa amene akuwafunsa mafunso, chimene chili choipa koposa. Wailesi yodalira odzipereka m'dziko la anthu osowa ntchito imakhala ikudya thukuta la achinyamata amene alibe kwina kopita, ndipo chimenechi sichiyenera kutchedwa ufulu.

Kenako amawerengera. Boma lonse la Livingstone lili ndi anthu osakwana 200,000, ndipo ambiri ndi ana. Tiyerekeze kuti anthu 2,000 avomera kupereka K20 mwezi uliwonse osaphonya, chimene chingakhale chipambano chachikulu. Zonse pamodzi ndi K40,000. M'menemo muchoke lendi, magetsi, intaneti, ziphaso za chaka, ndalama za ZAMCOPS zolipirira oimba, mafuta a njinga yamoto ya mtolankhani, ndi malipiro a anthu ngakhale asanu okha. Makina oulutsira mawu akapsa ndi mphenzi m'nyengo ya mvula, zipangizo zake zimagulidwa ndi madola. Ndipo chaka cha 2024 chinaonetsa kuti mavuto amabwera onse pamodzi. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo miyezi ina magetsi ankazima maola oposa 20 patsiku. Wailesi inafunika dizilo wa jenereta m'mwezi womwewo umene womvera analibe chimanga m'nyumba. Ndani akanatumiza K20 pamenepo?

Za Radio Maria otsutsa amayankha kuti kumbuyo kwake kuli mpingo. Kuli maparishi, miphakati, ansembe olengeza paguwa, ndi bungwe la padziko lonse la Radio Maria limene limathandiza mawailesi a m'mayiko osauka ndi zopereka za omvera a kwina. Munthu amapereka kumeneko monga mbali ya chikhulupiriro chake. Radio Chikuni ya kufupi ndi Monze, imene kuyambira 2000 yachita zazikulu pa nyimbo za Chitonga ndi pa kuphunzitsa ana kudzera pa wailesi, nayo ili pa mishoni ya Ajezuiti. Wailesi yopanda mpingo ilibe guwa lolengezerapo. Ndiponso wailesi imamveka kwa wopereka ndi wosapereka mofanana, choncho aliyense akhoza kuganiza kuti mnzake ndiye apereke.

Palinso chiphaso. Mu Ogasiti 2016, chisankho chitangotha, IBA inaimitsa ziphaso za Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu Epulo 2020 inalanda chiphaso cha Prime TV. Ngakhale ngwee iliyonse itachokera kwa omvera, kalata imodzi yochokera ku Lusaka ikhoza kuzimitsa wailesi. Mfundoyi ndi yoona, koma siigwetsa mbali inayo. Wailesi imene anthu zikwi amaiona kuti ndi yawo ili ndi oilirira ikatsekedwa, pamene ya munthu mmodzi imalira ndi mwini wake yekha.

Mfundo ya otsutsa imene imandivuta kwambiri si ya kuchepa kwa ndalama. Ndi yakuti omvera nawonso akhoza kukhala bwana wouma mtima. Timakonda kulankhula za anthu a m'dera ngati ndi munthu mmodzi wa mtima umodzi, koma Livingstone ndi tauni ya Atoka-Leya, Atonga, Alozi, olankhula Chinyanja, Abemba, ndi ena obwera ndi njanji komanso malonda a pamalire. Opereka ambiri akakhala olankhula chinenero chimodzi, adzafuna maola ambiri m'chinenerocho, ndipo adzati tikulipira ndife. Opereka adzakhala a m'tauni okhala ndi foni ndi kandalama. Mlimi wa kwa Musokotwane kapena kwa Sekute, amene wailesi ndiyo nyuzipepala yake yokha, amene amafuna kumva za matenda a ng'ombe ndi za tsiku lolandira feteleza, adzakhala womvera wosawerengedwa chifukwa dzina lake silili m'buku la opereka. Ndipo tsiku limene wailesi idzanene zosakomera khamu, mwachitsanzo kuteteza gogo amene mudzi wonse ukumutcha mfiti, kapena kudzudzula chipani chimene dera lonse limachikonda, zopereka zikhoza kuuma sabata yomweyo. Wotsatsa malonda amakuletsa kunena za kampani yake yokha. Khamu likhoza kukuletsa kunena chilichonse chimene silifuna kumva.

Ndaiganizira mfundoyi, ndipo sindikuona kuti ikutanthauza kuti tisiye omvera n'kubwerera kwa ogula maola. Ikutanthauza kuti kaperekedwe kake kakhale ndi malamulo kuyambira tsiku loyamba. Khamu silikwiya lonse nthawi imodzi. Wailesi ikakhumudwitsa anthu 300 mwa anthu 2,000, imapwetekedwa koma siifa, ndipo ena amene anaona kulimba mtima kwake amalowa m'malo mwawo. Ikakhumudwitsa munthu mmodzi amene amapereka theka la ndalama zake, mawa kulibe wailesi. Kuchuluka kwa opereka ang'onoang'ono ndiko chitetezo, ndipo n'chifukwa chake payenera kukhala malire a ndalama imene munthu mmodzi kapena bungwe limodzi lingapereke pachaka. Wolemera wofuna kupereka zambiri akhoza kukhala ndi mtima wabwino, koma mkonzi wa nkhani adzayamba kumuopa ngakhale iyeyo asananene kanthu. Lewis Hill ndi anzake atayambitsa KPFA ku Berkeley mu 1949, wailesi yoyamba ku America yodalira omvera, chiyembekezo chawo sichinali pa omvera onse. Ankawerengera kagulu kochepa kokhulupirika kamene kangalipirire ena onse. Wailesiyo ilipobe, ngakhale yadutsa m'mikangano yambiri ya utsogoleri, ndipo mikanganoyo nayo ndi phunziro kwa ife: opereka akakhala eni, amakangana ngati eni.

Choncho pa funso lakuti omvera angaidyetse okha, ndikuvomerezana ndi otsutsa kuti sangathe, ndipo wowalonjeza zimenezo akuwanamiza. Koma sindikuvomereza kuti chifukwa sangathe zonse ndiye asapemphedwe kalikonse. Funso loyenera ndi lakuti ndalama yawo ilipire mbali iti. Ine ndikuti ilipire zinthu ziwiri zimene wailesi ikazisowa imagwada pamaso pa aliyense: mphamvu yoyendetsera makina, ndi malipiro a atolankhani. Mphamvuyo ikhale ya dzuwa, poti ku Livingstone dzuwa silisowa, ndipo mapanelo ndi mabatire ndi chinthu chooneka, choti opereka angabwere kudzachiona padenga. Apa m'pamene phunziro lenileni la Ross Revenge likugwira ntchito, lakuti anthu amapereka pa chinthu chimene angachiloze. Malipiro a atolankhani awiri kapena atatu akachokera m'thumba la omvera, nkhani za madzulo sizingagulidwe ndi amene wagula ola la masana. Zotsalazo, monga lendi, nyimbo ndi masewera, zilipiridwe ndi malonda wamba a masitolo ndi masukulu, ndipo ola lililonse logulidwa lizilengezedwa poyamba ndi pomaliza kuti ndi logulidwa, ndi dzina la woligula.

Chimene chimapha zosonkhasonkha kwathu kuno si umphawi wokha. Ndi kusaona kumene ndalama yapita. Aliyense akudziwa komiti ina ya chitukuko imene inasonkhetsa anthu ndalama za mjigo kapena za denga la sukulu, msungichuma n'kusowa nazo. Wailesi ili ndi mwayi umene komiti ya mjigo ilibe, poti ikhoza kuwerenga mabuku ake pamaso pa tauni yonse. Tsiku limodzi mwezi uliwonse, pa ola lodziwika, msungichuma akhale pa maikolofoni, anene zimene zalowa ndi zimene zatuluka, mafoni atsegulidwe kuti ofunsa afunse, m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chinyanja ndi m'Chingelezi. Mwezi umene izi zidzaphonyedwe, omvera ali ndi ufulu wosunga ndalama zawo. Komiti yoyang'anira isankhidwe pa msonkhano wa pachaka, munthu mmodzi voti imodzi, kaya anapereka K10 kaya K500.

Nanga mlimi wa kwa Sekute uja? Malamulo a wailesi anene kuti maola a zinenero ndi a madera sagawidwa potsatira zopereka, ndipo mipando ina ya mu komiti isungidwire midzi yozungulira tauni. Chopereka chisakhale ndalama yokha. Gulu la omvera la kumudzi limene limatumiza uthenga kuti njovu zawoloka n'kulowa m'minda, kapena kuti mlatho wakokoloka, likupereka chinthu chimene wailesi ikanalipira mtolankhani kuti akachipeze, ndipo mayina a magulu otere alembedwe m'buku lomwelo la mamembala. Anthu a m'makomboni oyandikana ndi paki ya Mosi-oa-Tunya, amene m'chilimwe amakumana ndi njovu panjira mbandakucha, akudziwa mtengo wa uthenga wofika pa nthawi yake. Alendo nawo akhoza kuthandiza popanda kulamulira kanthu. Munthu amene walipira madola kuti aone mathithi sangaone chovuta kusiya kenakake atamva oimba a kwa Mukuni akujambulidwa mu situdiyo, ndipo mawa lake amakwera ndege osafunsa kuti nkhani za madzulo zinena chiyani. Ana a ku Livingstone amene ali ku Lusaka, ku Gaborone ndi ku Ulaya, omvera pa intaneti kuti adziwe za kwawo, ndi thumba lina limene mawailesi aang'ono sanaligogode mokwanira.

Sindikuonanso chifukwa choyambitsira wailesi yatsopano kuti zimenezi ziyesedwe. Tauni ya kukula kotere ili kale ndi mawailesi opikisana pa otsatsa malonda ochepa omwewo, ndipo kuwonjezerapo ina kungangogawa nsima yochepa kale. Imodzi mwa zimene zilipo ikhoza kutsegula thumba la omvera la chaka chimodzi, la cholinga chimodzi chokha, monga kugula mapanelo ndi mabatire okwanira kuti makina asazime ZESCO ikazimitsa. Inene mtengo wake poyera, ipereke nambala imodzi yotumizirako ndalama yolembetsedwa m'dzina la wailesi osati la munthu, ndipo iziwerenga zolowa sabata iliyonse. Pakutha pa miyezi 12 padzapezeka chiwerengero chenicheni cha anthu amene anapereka, kangati, ndi ochokera m'makomboni ndi m'midzi iti. Pa chiwerengero chimenecho m'pamene eni wailesi angaonere ngati malipiro a atolankhani angaikidwenso m'manja mwa omvera chaka chotsatira, kapena ngati thumbalo lingakwanitse magetsi okha.